Zotsalira za a Thondoya

Laputopu iyi ndinaigula ku Tsoka,
tsidya la kamlatho kamatabwa kolipiritsa kaja,
ili ndi mng'alu pakona, batani la N litafufutika.
Wogulitsa anati mwini wake anapita ku Joni.
Kupita anapitadi, koma sanasamuke.

M'mawa uliwonse ndikatsegula kashopu kanga ku Biwi,
ndisanataipe ngakhale kalata imodzi yofunsira ntchito,
kazenera kamatumphuka kupereka moni kwa a Thondoya,
kena kuwakumbutsa kuti laisensi yawo inatha,
kena kudya bandulo yanga kuti kadzikonzekonze.
Fani ikulira ngati chigayo cha dizilo,
kasitomala waima, satifiketi m'manja, maso pa wotchi.

Ndinkachotsa ndekha.
Mwatsimikiza? Inde, ndatsimikiza.
Pulogalamu inkatsanzika mwaulemu
koma kusiya ndowa, mpando wothyoka ndi nsapato imodzi
ngati wa lendi wothawa usiku.

Sankhulani, wokonza mafoni pansi pa masitepe ku Malangalanga,
anasolola fulashi yomanga ndi selotepi.
Achemwali, zochotsera zilimo zitatu, sankhani nokha.

Iyi ndi yaulere, anatero,
koma ndi mlendo wobwera ndi alamu ake.
Mukamutsegulira chitseko, mawa mupeza asanu agona pabalaza
akukutsatsani mankhwala ochepetsa thupi.

Iyi imafuna madola chaka ndi chaka.
Ndinaseka. Madola, ine?
Komanso ndi yaukali, sifunsa,
imasesa zinyalala pamodzi ndi mkeka.
Kusukulu ina ku Kawale inameza chimene chimayendetsa pulinta
mayeso atatsala masiku awiri.

Yachitatu sanaichemerere.
Yotuwa, yopanda chithunzi chooneka, yochedwa.
Imayamba yakhoma chikhomo pobwerera zikavuta,
kenako imaperekeza pulogalamu mpaka pageti,
n'kubwerera kukasuzumira kuseri kwa chitseko,
pansi pa bedi, m'kaundula momwe,
ndipo zimene yapeza imakuyalirani pamndandanda
kuti muchonge nokha.
Payokha sikhudza kanthu.

Imeneyo, ndinatero.
Zinthu zondisankhira ndinatopa nazo kalekale.

Magetsi anathima titangoyamba.
Batire limasunga mphindi makumi awiri likakondwa,
ndiye tinapempha chingwe cha jenereta ya wometa tsitsi,
ndalama yake ya fanta pamwamba.

Zotsalira chikwi ndi mazana atatu.
Sankhulani anati chongani zonse tizipita,
minibasi za ku Biwi zikadula kukada.
Ine ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ndinawerenga mzere ndi mzere:
chowerengera misonkho cha bizinesi yomwe inagwa,
mapu a misewu ya dziko lina,
zothamangitsa mavairasi zitatu zomalumana zokhazokha,
chosinthira nyimbo chomwe chinafa chili chiimire.
Chonga, chonga, chonga.

Cha kumunsi, kamasewera kophunzitsa kutaipa.
M'kati mwake dzina limodzi, lobwerezedwa masiku ambirimbiri:
Nenani Thondoya.
Mawu asanu pa mphindi.
Mawu asanu ndi atatu.
Khumi ndi anayi, ndi nyenyezi yachikasu pambali.
Kuchokera pamenepo, zii.

Ndinayang'ana batani lofufutika lija.
Kachala kamodzi, katatu m'dzina limodzi,
madzulo angati?

Nanga aka? anafunsa Sankhulani.
Kakudya malo ochuluka bwanji?
Sikafika ndi chithunzi chimodzi chomwe.
Kasiyeni.

Lero makina amadzuka ndisanapachike chikwama,
sapereka moni kwa munthu,
fani imangopuma ngati khanda.
Makalata amatuluka, makasitomala sayang'ananso wotchi.

Koma ndikatseka, fumbi la Okutobala litakhazikika pa kauntala,
nthawi zina ndimatsegula kamasewera kaja.
Ine wa mawu makumi asanu ndi limodzi pa mphindi
ndimataipa ndi chala chimodzi,
pang'onopang'ono,
ndi kuima pa khumi ndi atatu.