Onjeza Chitsulo China

Yotamu, onjeza chitsulo china.
Ichi n'chakhumi ndi chitatu
ndipo chotuluka m'dzenjemu ndi fumbi lokhalokha,
loyera, lokereketa kukhosi,
losanunkha n'komwe chinyontho.

Mayi Njobvu aima pakhonde, foni kumanja,
akuwerenga mamita ngati wowerenga ngongole.
"Kodi simunati kuno madzi ndi osayamba?"
Ndinaterodi, mayi.
Ndinkanena za malo ano momwe ndinawadziwira
ndili kamnyamata ka kabudula wobooka,
tikulawirira wapansi kuchoka ku Mtendere
kudzatola masuku m'thumba la feteleza.

Pomwe paima galimoto yanupo panali muwanga.
Bwalo lonseli, lomwe mwayalamo simenti,
munali mombo wofiira nsonga dzuwa likamakula,
bowa ankatukula dothi usiku umodzi,
phazi linkamira m'masamba owola mpaka m'kakolo.
Mvula ikagwa pano sinkafulumira.
Inkakhala pansi ngati mlendo wopatsidwa mpando,
n'kumatsetsereka ndi mizu pang'onopang'ono
mpaka kukagona m'mapanga a miyala
kunsi kwa mzinda uno.

Atate anga ankakumba ndi piki, chingwe ndi ndowa.
Mikono isanu ndi iwiri yokha,
mawu ankatuluka m'dzenje: "Afika!"
Ine ndili ndi chimakina cha dizilo
chonjenjemeretsa mawindo mpaka ku Bauleni,
koma madzulo ndimabwerera nsidze zili mbuu.

Mvula ija tsopano, posowa pofikira,
imamenya malata, simenti ndi phula
n'kuliyatsa liwiro ngati wakuba mumsika wa Soweto.
Mu Febuluwale mlongo wanga Tisauke ku Kanyama
amakweza matiresi pa tebulo,
ana kugona chokhala, madzi ali m'maondo.
Mu Okutobala, Tisauke yemweyo
ali pamzere ndi zigubu zinayi,
akuwerenga timakobidi toti agulire madzi.
Ndi madzi omwe aja, Yotamu.
Tinangowagumulira nyumba.

Sindikuloza munthu chala.
Dzana magetsi atazima, inenso ndinaimika
mkulu wa njinga wochokera ku Chongwe,
matumba asanu a makala, msana utapindika ngati uta.
Ndinati, "Tsitsaniko mtengo."
Anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kuseka:
"Mtengo ndinautsitsa kale, bambo, ndi nkhwangwa."
Akuti chaka chino nkhalango yathawira kuseri kwa phiri lachitatu,
amanyamuka tambala asanalire.
Ndinalipira, ndinakoleza mbaula, ana anadya.
Phulusa lake ndinalitaya m'mawa
osafunsa kuti unali mtengo wanji
kapena unkasungira yani madzi.

Taona kuseri kwa mpandawu.
Kankhalango kaja katsala ngati tsitsi la wadazi,
ndipo m'mphepete mwake akhomamo kale zikhomo
zopaka penti yofiira.
Ena akuona mapuloti makumi anayi.
Ine ndikuona chivundikiro cha mtsuko
womwe tonse timamwamo,
wa ku Kabulonga ndi wa ku Chawama yemwe,
ngakhale sitipatsana moni.

Mayi, mkuyu uwo wa pangodya,
womwe mwati mawa ugwe
chifukwa umathothola masamba pa galimoto,
ndi wokhawo pano womwe ukudziwa njira ya kumadzi.
Mizu yake inafika kale komwe ine ndikufuna ndi zitsulozi.
Chotsaniko mamita asanu pa malipiro anga
koma muusiye uime.
Tsache ndi lotchipa kuposa dizilo.

Sanayankhe. Ayang'ana mtengowo nthawi yaitali,
kenaka foni yalira, alowa m'nyumba.

Dzuwa lapendeka. Njiwa imodzi yatera m'mkuyumo,
yayang'ana fumbi lathuli, yauluka.
Ika khutu pa chitsulo, mwana iwe.
Ukumva kanthu?
Ayi?

Onjeza china.