Muvi Wolembedwa E.K.

Gomezgani atanyamuka ulendo wa ku Joni
anatisiyira pulogalamu yowerengera mankhwala m'zipatala zisanu,
kapu yothyoka chogwirira,
ndi chithunzi chimodzi cha bolodi, chojambula pa foni,
dzuwa la pawindo litadya theka la mabokosi.

Abwana anati: Lemba buku lake, ujambulenso mapu,
wobwera mawa asadzachite kuombeza.

Ndinayamba ndi chida chokoka ndi dzanja.
Bokosi ili ndi seva, ili ndi nkhokwe ya manambala,
ili ndi foni ya namwino wa ku Kawale.
Ukasuntha limodzi mivi yonse imakwiya,
imapiringizana ngati maminibasi pa depoti Lachisanu madzulo,
aliyense mphuno m'nthiti mwa mnzake.
Mzere umodzi ndinauwongola kuyambira teni koloko mpaka nkhomaliro.
Magetsi anathima ndisanasunge.

Upile, wa tebulo la pakona, anaseka kaye
kenako n'kundionetsa china: ichi sujambula, umalemba.
Umangoti namwino apempha, seva iyankha,
chithunzi n'kudzimerera chokha pambali,
mizere yake yowongoka ngati mipanda ya ku Eliya 43.
Chimagona m'foda imodzi ndi pulogalamuyo,
ndipo chimakumbukira amene anachikhudza, tsiku ndi ola lomwe.
Ndinachikonda, ngakhale chili ndi mwano wake:
ukaiwala kadontho kamodzi chimakana zonse,
tsamba lonse psuu,
popanda ndi pepani yemwe.

Panatsala muvi umodzi.
Pa bolodi la Gomezgani umachoka ku chipatala cha ku Eliya 25,
n'kulowa m'dzuwa lija,
n'kudzatulukira mu ofesi mwathu muno,
pamsana pake zilembo ziwiri: E.K.
Ndinamusaka E.K. m'mafayilo onse, m'maseva onse, ngakhale m'zotayidwa.
Ndinamulembera mwini wake.
Uthenga anawerenga. Mpaka lero.

Lachisanu, mvula itangokata,
pageti panaima njinga yamoto ya kabaza.
Analowa mayi wa juzi yobiriwira, matope m'mphepete mwa chitenje,
n'kumasula mfundo ya mpango patebulo langa:
fulashi yakuda, yomanga ndi selotepi.
Ndine Esinala Kamphinda, kalaliki wa ku 25.
Kwathu netiweki imathera pa mtengo wa mango kuseri kwa labu,
ndiye manambalawa ndimabwera nawo ndekha.
Chaka chachinayi chino.
Ya kabaza nthawi zina amabweza.

Chida changa chili ndi chizindikiro cha mtambo,
cha loko, cha nkhokwe yooneka ngati mgolo,
ndi kamunthu ka timitengo, kopanda nkhope.
Chilibe njinga.
Chilibe msewu wa Kanengo malole atatseka,
chilibe mfundo ya mpango.

Ndinatenga kamunthu komweko
n'kukapatsa dzina lonse, osafupikitsa.
Pa muvi ndinalemba kuti:
Lachisanu lililonse, pa kabaza, mvula kaya dzuwa;
akadwala, sabata imeneyo sitidziwa
ngati ku 25 mankhwala a malungo alipo.

Abwana anayang'ana nthawi yaitali, akutafuna cholembera.
Sizikuoneka zaukadaulo, anatero.
Sungangolemba kuti kutumiza manambala?
Ndinati ndingathe.
Anadikira. Inenso ndinadikira.
Foni yawo inalira, anatuluka nayo panja.

Sabata yotsatira ndinamutembenuzira mayi uja laputopu.
Anapukuta magalasi ndi nsonga ya juzi,
n'kutsata muvi ndi chikhadabo
kuchokera kwawo mpaka pamene anaimapo.
Mwandijambula wowonda, anatero,
komanso Kamphinda amakhala ndi h.

Anakoka mpando wanga osapempha,
n'kusaka chilembocho pa kiyibodi ndi chala chimodzi,
pang'onopang'ono, ngati akutola mwala mu mpunga.
Atachipeza anadina,
chithunzi chonse chinaphethira kamodzi
n'kudzijambulanso.