Pamjigo wa ku Mabvuku

Folo koloko m'mawa, zigubu zandanda kale.
Changa ndi cha nambala sate-seveni.
Kumbuyo kwanga kuli Dalisay,
mzamba wa pachipatala cha masisitere,
wavala majuzi awiri.
Akuti chisanu cha Harare chimaluma ngati galu wosauwa,
kwawo ku Philippines kulibe zotere.

Ndikumufunsa, poti mzere sukuyenda:
kwanu mpopi ukauma mumalirira yani?

Kapitani, akutero. Osati wa asilikali.
Munthu wa mumsewu mwathu momwe, tidamvotera tokha,
geti la nyumba yake ndi lobiriwira ndipo silitsekeka.
Dera lathu timalitcha barangayi,
dzina la bwato lomwe makolo ankakwera banja lathunthu.
Tambala wa mnzako akakusowetsa tulo,
ngongole ya mpunga ikakana kubwera,
simuthamangira kukhoti.
Mumayamba mwakhala pamipando ya pulasitiki
pamaso pa kapitani
mpaka wina agwidwe manyazi.

Ndikuti, ndiye kwanu n'kumwambatu.

Akupukusa mutu, akuuzira mpweya m'manja.
Meya wa tauni yathu adakhala zaka zisanu ndi zinayi,
lamulo lidati basi.
Adatsika. Adakwera mkazi wake.
Mkazi atatopa, mwana wachisamba.
Dzina la pachikwangwani cha msika silidafufutidwepo,
amangosintha chithunzi.
Usiku woti mawa n'chisankho
envulopu imalowa pansi pa chitseko ngati mphemvu.
Mayi anga ankailandira, n'kugula mankhwala a shuga,
n'kukavotera wina.

Mzere wasuntha zigubu zitatu.
Tikukankha ndi mapazi.

Mkulu wanga amalera ana a eni ku Malaysia, akupitiriza.
Akuti uko khansala savoteredwa,
amachita kumuika a kumtunda,
koma mumsewu womwe amakhala zinyalala sizigonera.
Mlongo wanga amawotcherera zitsulo ku Vietnam:
chipani n'chimodzi, pakamwa amayenda napo mosamala
ngati dzira m'thumba la malaya.
Ku Brunei kuli mfumu.
Ife timavota mpaka pangodya ya msewu,
kuimba, kuvina, kutukwana pawailesi dzuwa lili pamutu,
koma madzi osefukira amatipezabe padenga
chaka ndi chaka.
Ndiye undiuze iwe, wochenjera ndani?

Sindikuyankha.
Ndikuganiza za bambo anga
amene adachoka ku Dedza wapansi,
nameza fumbi la simenti zaka makumi atatu kuseri kwa mapiri awa,
namwalira chitupa chawo chikunenabe kuti mlendo.
Ine mchombo wanga uli ku Tafara konkuno,
koma chala changa chidalawa inki imvi zitamera kale.
Khansala wathu ndimamudziwa nkhope yokha,
ili papolo yamagetsi pafupi ndi chigayo,
mvula idadya tsaya limodzi.
Mpopi wa kunyumba udaleka kutsokomola
mwana wanga Tiyanjane ali kumsana.
Lero ali ndi wake kumsana.
Bilu yokha ndiyo siisochera.

Kutsogolo kwabuka phokoso.
Mnyamata wa ngolo walowetsa migolo iwiri pakati.
Mai Shupikai akutsegula kope lawo lonyowa m'mbali,
lija amalembamo aliyense wopereka dola ya girizi,
akuwerenga maina mosakweza mawu,
Chishona, Chichewa, Chisena, mmene adabwerera.
Mnyamata akubweza ngolo yake chamchira.

Dalisay akundikodola ndi chigongono:
kapitani wanu ndi uyo.

Ndikuti, ameneyu palibe adamvotera.
Palibenso angamchotse, ndipo mdzukulu wake
wayamba kale kusunga kiyi wa loko.

Akuseka mpaka kutsokomola.

Kwacha. Nthawi yathu yakwana.
Iye akupopa changa, ine ndipopa chake,
chitsulo chikuzizira ngati dzanja la maliro.
Madzi oyamba akutuluka ofiira.
Tikuwataya, tikuyambanso.
Seveni koloko ali ndi mayi woyembekezera mapasa
ndipo ayenera kusamba m'manja.