Mphindi Makumi Anayi

Ndatsika minibasi pamsika wa Chilenje
msana ukadali m'jamu ya mumsewu wa Burma.
M'chikwama muli paketi yozizira
yomatidwa kapepala kofiira: theka la mtengo.
Ndine ndinamata kapepalako m'mawa,
ndine ndagula madzulo ano.
Nyama yogaya ya nkhukundembo,
tsiku lake litha mawa.

A Zesco alonjeza magetsi mpaka naintini awazi.
Lonjezo lawo n'la mlamu wangongole:
umavomera ndi mutu, diso lili pa wotchi.

Tikambenji, tsuka mpunga katatu, madzi ayere.
Ndi wa ku Chama umenewo, isagwe ndi njere yomwe.
Ganizani, chotsa nsapato zako pakhomo,
zandipunthwitsa kawiri.

Anyezi ndadula ndisanavule yunifolomu,
dzina langa likulendewerabe pachifuwa.
Mafuta alira.
Nyama yalowa m'poto yotumbuluka,
yamanyazi, ngati mlendo wosowa pokhala.
Nkhukundembo iwe!
Si iwe unkatithamangitsa kuseri kwa nyumba ya ansembe ku Katete,
khosi lili psuu, mapiko akukwekwereza fumbi,
ife madiresi m'manja, kulira mayo?
Lero ndikuphwanya ndi supuni yamtengo,
sukuyankha.

Msuzi wake anandiphunzitsa Belita wa pa tilu yachitatu,
amene anagwirapo ntchito kwa Mjapani ku Kabulonga
n'kuchokako ndi mawu atatu ndi ndiwo imodzi.
Anandilembera kuseri kwa lisiti:
sosi wa soya, shuga, jinja, adyo, viniga pang'ono.
Manambala anafufutika ndi thukuta la m'thumba,
ndiye ndiyeza ndi diso,
ndi lilime,
ndi mantha a tsiku la malipiro lomwe lidakali kutali.

Ndathira. Poto wausa moyo.
Zakuda zija zayamba kuwira, kunanda, kunyezimira
ngati phula latsopano dzuwa lili pamutu.

"Amama, n'chiyani chimenecho?"
"Teriyaki."
"Therere la a Yaki? A Yaki ake ati?"
Tika waseka mpaka chivundikiro chagwa.

Atate awo atulukira kuchipinda, jombo imodzi kuphazi,
chipewa cha ulonda m'khwapa.
Ine ndikamalowa, iwo akutuluka:
banja lathu lonse limakwana m'mphindi makumi anayi.
Anunkhiza. Akwinya mphumi.
"Shuga m'ndiwo, Nabanda? Tayamba kudya keke ndi mpunga?"
Sindiyankha. Ndiwapatsa supuni.
Anyambita kutsogolo.
Anyambita kumbuyo.
Sabweza.

Thii.
Kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, koma apita.
Firiji yasiya kung'ung'udza,
Chilenje yense wabuula pamodzi,
kwa aneba jenereta yatsokomola, yakana, yatsokomolanso.
Mpunga ukadali ndi mtima.
Ndaukulunga m'bulangete la Ganizani, poto ndi chivundikiro chomwe,
ndauika pampando ngati khanda lobwera kumene kuchipatala.
Upsa wokha. Tiwerenge mpaka mazana atatu.
Ganizani wathera pa sikisite-naini.

Foni taiimika m'kapu, ikuwalitsa denga.
Ndavundukula:
nthunzi yakwera m'kuwalako,
fungo la Chama lakumana ndi jinja,
palibe wolankhula.
Masupuni okha, ngwe, ngwe,
ndi mpweya wa anthu oomba chakudya chotentha.

Atate awo aima, adya chiimire zotsala,
apakira zina m'kachigubu ka majarini
zoti akadye pageti la eni ake usiku ukakula.
Pakhomo atembenuka:
"Mawa kapepala kofiira kaja mukamatenso."

Geti lalira. Jombo zazilala mumsewu.
Ndamasula dzina langa pachifuwa, ndaliika pawindo.
Zala zikununkha adyo.
Kumbuyo kwanga, mumdima,
wina akunyambita mbale mwakachetechete
poganiza kuti sindikumva.