Galasi la Lachinayi

Ndimatsuka magalasi m'chipinda cha kumapeto kwa khonde,
kumene fungo la sufa, lija la mazira owola,
limalowa m'malaya n'kukwera nane minibasi ya ku Kawale.
Anthu amasendera kuwindo. Ine ndimakhala motakasuka.

Dokotala Nankhuni amati zofunika n'zinayi basi:
mkuwa, zinki, tini, sufa.
Tsiku loyamba ndinaseka.
Zonsezi ndinakumana nazo ndisanayambe sukulu
pa benchi la bambo anga ku Mchesi:
mkuwa m'matumbo a mawailesi akufa,
zinki pa malata a zidebe,
tini akusungunuka kunsonga ya chitsulo chamoto,
sufa m'mafuta achikasu amene ankatipaka pa zipere.
Panalibe wotiuza kuti zikagwirana manja
zimatha kumwa dzuwa.

Timazipaka pagalasi mopyapyala kuposa khungu la anyezi
n'kuziika mu uvuni, madigiri mazana asanu,
kuti maatomu apeze pokhala.
Sufa aliyense, amatero Dokotala, ali ndi anansi anayi:
amkuwa awiri, zinki mmodzi, tini mmodzi,
mzere pamwamba pa mzere ngati njerwa za mmisiri wosalawa kachasu.
Koma mkuwa ndi zinki n'ngofanana msinkhu.
Amaberana mipando kukatentha,
ndipo pamene asinthanapo pamatsala mbuna,
elekitironi ikagweramo, yapita.

Ndinawafunsa za mpata umene amautchula kutacha kulikonse.
Anati, ukuidziwa ngalande ya kuseri kwa depoti?
Mwana akaima m'mphepete mvula itakata
amafuna womukankha kuti alumphe.
Kuwala ndiye mkankhi.
Ngalande ikakula, mwana sawoloka.
Ikachepa, awoloka ndithu, koma mphamvu yotsala ithera m'matope.
Ife tikukumba ya muyeso wa dzuwa la Okutobala.

Zoti mpando wosiyidwa nawonso umayenda
ndinazimvetsa ndekha pa siteji ya Biwi:
mayi wa kutsogolo atatsika, aliyense anasunthira patsogolo,
malo opanda munthu n'kumabwerera m'mbuyo
mpaka anandipeza.

Lachinayi magetsi anathima uvuni itangofika mazana anayi.
Jenereta inalibe dizilo,
Sekani anali pamzere wa mafuta chigonere dzulo ndi chigubu.
Tinakhala chete kumvera uvuni ikuzizira.
Galasi linatuluka lotuwa, la mawangamawanga.
Pa makina okulitsa, timiyala take tinali ting'onoting'ono
ngati mapuloti a ku Chinsapo,
malire paliponse, pa malire aliwonse mkangano.
Taya, anatero Dokotala, akuvula magolovesi.
Masabata atatu a ntchito.

Sindinataye.
Ndinalikulunga m'pepala, n'kuliika m'kontena ya mbatata.

Bambo maso anayamba kuchita nkhungu,
koma zala zikadaona.
Loweruka masana anatulutsa mita yawo yomanga ndi mphira,
ija yoyezera ngati waya waduka,
n'kugunditsa nsonga ziwiri pagalasi, pabwalo, pambali pa mpopi.
Anati, undiwerengere singano.
Anaphimba ndi chikhatho: singano inabwerera.
Anachotsa: inasuntha,
pang'ono, ngati nsidze ya munthu wonamizira kugona.

Chiyatsa babu chimenechi?
Ayi, bambo.
Wailesi?
Ngakhale wotchi.

Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wabwino wa malata.
Anaphimbanso. Anachotsanso.
Ana a eni nyumba anabwera, anatopa, anapita kukasewera mpira.
Mayi anaitana kawiri kuti tiyi wazizira.
Iwo ali pomwepo, chikhatho chokhala ndi zipsera za moto
chikutseka ndi kutsegula dzuwa,
ine ndikuwerenga: yasuntha, yabwerera, yasuntha,
mpaka mthunzi wa thanki ya aneba unafika pa benchi.

Lolemba ndinalawira.
Ndinatsuka magalasi khumi ndi awiri, mbali zonse,
ndipo Sekani anabwera ndi malita asanu okha.