Chiphona cha ku Chinamwali

Filimu ija inabwera pa fulashi ya Twaibu,
itabisala pakati pa nyimbo za ukwati ndi maulaliki awiri.
Tinaionera m'kanyumba ka vidiyo ku Chinamwali,
ana atathithikana pa matabwa,
jenereta ikutsokomola kuseri ngati nkhalamba ya chingambwe.

Chilankhulo sitinachimve, ati Chisipanishi,
ndipo omasulira anali asanaithire Chichewa.
Koma fumbi lake tinalimva.
Agalu owonda aja tinawadziwa,
malata otsamiritsa ndi miyala,
mawaya a magetsi olendewera ngati mpiru wofota,
phiri litaima kuseri kwa nyumba
monga limachitira lathuli.

Chiphona chake chinali chamimba,
chitamanga katani wa pawindo m'khosi.
Chikamauluka, chingwe chimaoneka.
Ana anaseka mpaka kugwa chagada.
Ine ndinangoti duu, kudikira maina a kumapeto:
wolemba, Nayeli;
wojambula, Nayeli;
wosoka zovala, azakhali ake a Nayeli.
Basi. Anthu awiri ndi chingwe.

Usiku umenewo tulo sindinatione.
Ndinkayesa kuuluka n'kwa eni ndalama,
kwa mizinda ya magalasi
imene imagumuka m'mawa n'kumangidwanso madzulo pa kompyuta.

Loweruka ndinabwereka foni ya Asiyatu,
yong'aluka pakona, batire yake yosachedwa kukomoka.
Twaibu anaimika kabaza wake pansi pa mbawa
n'kuvomera kukhala Mphenzi.
Chigoba tinadula pa chubu chakale,
mphezi ya pachifuwa pa chigubu chachikasu cha mafuta ophikira,
chakumsana neti ya udzudzu yotopa ndi ntchito.
Kamera inkayenda pa wilibala.
Utsi sitinagule:
nkhungu imatsika yokha kuchokera ku Chawe, yaulere,
bola kulawirira.

Tinakangana za mphamvu zake.
Kunyamula galimoto? Ya yani?
Asiyatu anati: angobweza magetsi akazima,
mipope ya ku Sadzi ilavule madzi,
ena onse tithana nawo tokha.

Woipa anali a Likaka, mphunzitsi wopuma,
amene anati malipiro awo ndi chipisi cha pachiwaya
ndipo safa kawiri tsiku limodzi.
Anafa kasanu ndi kawiri m'mbali mwa Likangala,
amayi ochapa akuwauza kuti sakugwa bwino.

Pakati pa nkhondo foni ya Twaibu inalira.
Kasitomala ku Matawale, thumba la makala.
Mphenzi anapalasa njinga osavula chigoba,
neti ikupepeluka m'mbuyo,
dziko likudikira kupulumutsidwa mpaka fili koloko.

Pouluka anadumpha pa chulu,
ine nditagona chagada m'zisoso.
Bondo linatupa masabata awiri.
Mkazi wake mpaka lero sandiyankha moni.

Ndikulumikiza zithunzi pa laputopu ya mnyamata wa ku Chanco,
pamene Mphenzi amatambasula dzanja kuti tauni iwale,
magetsi anazima.
Tinakhala mu mdima, tikuseka ngati amisala,
kenako tinangoti zii.

Nayeli, sindidziwa ngati phiri lako lili ndi dzina lotchulika,
ngati azakhali ako anabwezeredwa katani wawo.
Dzulo taionetsa m'kanyumba komwe kaja.
Chingwe chathunso chaoneka,
mbuzi ya eni ake yadutsa kumbuyo kwa woipa,
ana aseka mpaka mwini jenereta kubwera kudzasuzumira.
Onse atatuluka kunatsala kamtsikana kamodzi,
kogulitsa zitumbuwa pa siteji,
beseni lili pamiyendo.
Sikananene kuti yakoma.
Kanaloza pa sikirini n'kufunsa kuti,
achimwene, foni yomweyi basi?
Nanga chingwecho munagula kuti?