Kashedi ka M'dimba

Mphepo ya Januwale inasasula denga la kashedi,
malata n'kukagona pa anyezi a Nerys.
Kuno ku Blaenau mvula siodira.

Gethin wayala zitsanzo pa wilibala:
lata lobiriwira, lotchipa koma laphokoso,
thabwa la mkungudza lonunkhira ngati bokosi la zovala,
ndi sileti imodzi yotuwa
yotsala pa mulu womwe bambo ake anasema
fumbi lisanawadye mapapo.

"Sileti ndi yolemera," akutero Iolo mmisiri,
"mitanda yakoyi yawola, singasenze."

Gethin sakuyankha.
Akupukuta sileti ndi mkono wa juzi.

Pofika madzulo wagula malata,
makoma avala matabwa.
Koma pamwamba pa chitseko,
pomwe madzi amayambira kudontha,
wakhomerapo sileti ija
ndi misomali iwiri yamkuwa.